Mazenera a Napenti

1. Sitima ya m'sutikesi

Kuseri kwa shopu imene Amalume ankakonzera mafiriji ndi mamota kunali chipinda chimene munthu ankalowa atavula nsapato. M'menemo munali tebulo lalitali ngati zitseko zitatu zolumikiza, ndipo patebulopo panali dziko lathunthu: njanji, siteshoni, mlatho, mtsinje, mapiri awiri ndi phanga limene sitima inkalowa uku n'kutulukira uko.

Sitimayo inali yoyendera magetsi, mutu wake wokwana m'chikhato, mabogi asanu. Amalume anabwera nayo m'sutikesi kuchokera kutsidya kwa nyanja kalekale. Koma mapiri, mitengo, nyumba ndi tianthu todikira pasiteshoni, zonsezo zinatuluka m'manja mwa mdzukulu wawo, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu amene anakulira pakhomopo. Zala zake sizinkasowa penti, choncho aliyense ankamutcha Napenti.

Zaka zitatu mtsikanayu anamata manyuzipepala, kupenta, kufufuta n'kupentanso. Ndiye itamveka nkhani yakuti Loweruka tebulo lija lipita kusukulu ku chionetsero cha sayansi, Napenti sanafunse n'komwe kuti adzaime pa chiwongolero ndani. Chiwongolerocho chinali kabokosi kokhala ndi kagudumu, ukapotoza sitima imanyamuka. Iye anali atachapa kale yunifolomu yake n'kuisita kawiri.

Koma mwezi umenewo pakhomopo panali patabwera mng'ono wake, mwana wa amayi ake aang'ono, kudzakhala nawo kuti aziphunzira pafupi. Anali kamtsikana kofatsa, kolankhula ngati mawu amagula. Tsiku loyamba kulowa m'chipinda chija sanayang'ane mapiri. Anagwada n'kusuzumira mawaya kunsi kwa tebulo.

2. Bokosi lakuda liikidwe pati?

Lachitatu ana ataweruka kusukulu, Amalume anatola pansi bokosi lakuda lachitsulo, lolemera ngati njerwa ziwiri, n'kulikweza m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Ana inu, iyi ndiye thiransifoma. Magetsi a m'khoma ndi mkango. Akalowa m'njanji umu osawetedwa, sitima ipsa, inunso mupsa. Bokosi ili limawaweta, amatuluka ali mphaka. Masiku onse limakhala pansi apa, koma m'holo ya sukulu mudzakhala mapazi mazanamazana. Liyenera kukwera patebulo. Funso langa ndi lakuti, tiliike pati?"

Napenti anayankha asanamalize n'kupuma komwe.

"Kumapeto uko, kuseri kwa phiri lalikulu, anthu asalione. Ndi lonyansa ngati ayironi yamakala."

"Nanga iwe, mlendo?"

Mng'ono uja anayenda pang'onopang'ono kuzungulira tebulo, n'kuima pakati pa mbali yaitali.

"Apa, m'mphepete," anatero. "Mukaliika kumapeto, waya wopita mbali inayo atalika kwambiri, ndiye sitima ikafika kumeneko izifooka. Dzana ndinaiona, ikamayandikira mlatho imayenda ngati yasenza. Komanso woyendetsa akaima apa aona njanji yonse, ndipo pulagi ili pafupi. Chikavuta azula msanga."

Amalume anaika bokosi pansi kuti aombe bwino m'manja.

"Mwamva zimenezo? Ine ndayenda maiko khumi ndi anayi. Ndakonza magetsi m'sitima zapamadzi zazitali kuposa msewu wathu uno. Ndagwira ntchito ndi akatswiri a ndevu zofika pachifuwa, ndipo funso lomweli linagwetsa ena a iwo chagada. Ndinayamba ndi pulayala imodzi yothyoka dzino, lero taonani shopu. Ndikaona mutu ndimaudziwa. Akuluakulu sananame kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kuyambira lero dzina lako ndi Injiniya. Ndipo amene wadziwa poika thiransifoma ndiye amaima pambali pake. Loweruka uyendetsa ndiwe."

"Nanga asisi?" anafunsa Injiniya.

"Asisi akowo ntchito yawo anthu aiona ndi maso. Mapiri sathawa."

Napenti anaseka ndi mano okha. Burashi imene inali m'manja mwake anaikanikiza pansi pa chitini cha madzi mpaka ubweya wake unapindika.

3. Chenjezo la Amalume

Bokosi litakhomeredwa pamalo pake, Azakhali, akazi awo a Amalume, anasuzumira pakhomo ndi dengu la zovala m'manja.

"Chinthu chakudacho pakati pa mudzi wokongola chonchi? Zili ngati munthu wavala suti ndi jombo."

"Inu mayi, sayansi sifuna kukongola."

"Nanga bwanji inu mwatulutsa suti kuti ndisite?"

Apa Napenti anaona mpata woti nayenso amveke.

"Ndilimangira nyumba ya katoni, amalume. Izioneka ngati nyumba ya magetsi ya m'tauni yathuyi."

Amalume anakhala pampando n'kumukodola kuti ayandikire.

"Manga, mwana wanga, koma tchera khutu. Thiransifoma ili ngati munthu wothamanga. Ikamagwira ntchito thupi limatentha, ndipo imafuna kupuma. Uboole mazenera, atatu mbali iyi, atatu mbali iyo, kuti mpweya uzilowa uku n'kutulukira uko. Ukaitsekera ipirira mphindi khumi, mwina khumi ndi zisanu. Kenaka m'kati mwake muli kachitsulo kamene kakamva kutentha kamadula magetsi, sitima n'kuima pamene yafikapo. Ukaona zimenezo uzithokoza, chifukwa umenewo ndi mwayi. Tsiku limene kachitsulo kameneko kadzatope, sipadzakhala kuima, padzakhala utsi.

"Ine ndinaziona ndi maso angawa padoko lina. Munthu anafunditsa thiransifoma jekete kuti isanyowe ndi mame. Pofika masana, nyumba yosungiramo katundu yaikulu ngati bwalo la mpira inali phulusa. Ndinatulutsamo anthu atatu ndekha, wina paphewa ili, wina paphewa ili, wachitatu ndinamukoka ndi lamba. Ndipo mwini jekete uja sanali munthu woipa ayi, anali wosamva basi. Chinthu chotentha ukachitsekera sichizizira, chimangopsera m'kati. Wandimva?"

"Ndamva, amalume."

Anamvadi. Koma mwa mawu onsewo, amene anatsala m'khutu mwake anali ochepa: mphindi khumi ndi zisanu, sitima n'kuima.

4. Lezala ndi burashi

Lachinayi masana Napenti anakhala pakhonde ndi katoni yokhuthala, guluu, lezala ndi zitini za penti. Anadula makoma anayi ndi denga. Pansi anasiya kampata kodutsa mawaya. Anapenta njerwa imodziimodzi, zina zofiira kwambiri, zina zotuwa ngati zadyedwa ndi mvula. Anajambulanso chikwangwani chochenjeza, chokhala ndi mphezi, chaching'ono ngati chikhadabo.

Kenaka analemba ndi pensulo malo a mazenera asanu ndi limodzi, n'kuika nsonga ya lezala pangodya ya loyamba.

M'chipinda muja munkamveka sitima ikuthamanga, ndi mawu a Amalume pamwamba pake.

"Pang'onopang'ono pamlatho, Injiniya. Eya, choncho. Tsopano ipatse moto. Mayi, bwerani mudzaone, dzanja ili ndi langa lenileni! Mwana ameneyu adzandiposa, ndipo kundiposa ine si masewera."

Zaka zitatu Napenti anali asanamvepo mawu otero akunenedwa za iye. Akapenta phiri, Amalume ankati, "Lakoma, koma usadonthezere penti panjanji."

Anaika lezala pansi. Anatenga burashi yaing'ono kwambiri.

Anadzaza malo a zenera ndi penti wakuda bii. Atauma, anajambula kamzere kotuwa m'munsi ndi mbali imodzi, kooneka ngati mphepete mwa katoni yodulidwa. Anaikanso timanyenje tating'ono, ngati pamene lezala latsetsereka. Anatero kasanu ndi kamodzi.

Mazenera onama okongola chotero sanajambulidwepo ndi mwana wa sukulu kulikonse kumene kuli sukulu. Ntchentche ikanafuna kulowamo ikanabwerako ndi chotupa pamphumi.

Nyumbayo anaibisa pamwamba pa kabati mpaka tsiku lotsatira.

5. Aphunzitsi abwera

Lachisanu masana kunabwera Aphunzitsi a sayansi. Ndiwo ankagawa malo m'holo, ndipo ankafuna kuona sitimayo ikuyenda asanavomere. Atangogogoda pageti, Napenti anathamanga n'kuvindikira thiransifoma ndi nyumba yake. Inakwana ndendende.

"Asisi, koma ndiye mwaikonza," anatero Injiniya. "Ngati yeniyeni."

"Usaigwire. Penti sanaume."

Amalume analowa ndi mlendo wawo, atavala suti ija, akununkhira mafuta a m'botolo la kunja.

"Aphunzitsi, vulani nsapato, mukulowa m'dziko lina. Sitima iyi imayenda kuyambira m'mawa mpaka madzulo osapempha madzi. Uyu ndi Injiniya wanga, thiransifoma waika yekha pamene ndikanaika ine. Injiniya, aonetse."

Injiniya anapotoza kagudumu. Sitima inanyamuka pasiteshoni mwaulemu, inakwera chitunda, inaoloka mlatho osafooka ngakhale pang'ono, inalowa m'phanga n'kutulukira mbali ina nyali yake ikuwala. Aphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta n'kuwavalanso.

Napenti anaima kukhoma. Maso ake anali pa wotchi ya pamwamba pa chitseko.

Mphindi zisanu zinatha. Amalume anali m'dziko lachitatu la maulendo awo. Mphindi khumi zinatha. Amalume anali atafika m'dziko lachisanu ndi chiwiri, kumene anakonza chikepe cha m'nyumba yosanja ndi waya wa ambulera.

Aphunzitsi, mwina pofuna kupumitsa makutu, anawerama pa phiri lalikulu.

"Nanga mapiriwa anaumba ndani?"

"Aa, ndi uyo, Napenti," Amalume anatero, akuloza ndi chibwano.

"Iwe? Ndi manyuzipepala? Taonani miyala iyi, taonani pamene madzi anakokolola. Mwana iwe, ine ndaphunzitsa zaka makumi awiri, luso lotere sindinalione. Mawa ndikufuna uime pafupi ndi phirili, ufotokozere makolo mmene unapangira. Ndiuza a hedi akutchule dzina."

Napenti anayang'ananso wotchi. Mphindi khumi ndi zitatu. Anasuntha phazi limodzi kulowera kumene kunali nyumba ija. Ankangofunika kuinyamula n'kunena kuti akufuna kuionetsa kwa Aphunzitsi.

Koma Amalume anali atayambanso. "Luso lilipo, koma mutu weniweni ndi uwu, aphunzitsi. Taonani dzanja limeneli."

Napenti anabweza phazi lake.

Sitima inazungulira kamodzi. Inazunguliranso. Ulendo wachitatu inalowa m'phanga ndipo sinatuluke. Mabogi awiri anatsalira kunja ngati mchira wa khoswe.

6. Ngozi pamlatho

Amalume anatembenukira kwa Injiniya.

"Wachita chiyani?" Amalume anafunsa.

"Palibe, amalume. Yangoima."

"Sitima yanga siingoima. Potoza."

Injiniya anapotoza kagudumu pang'ono, kenaka kwambiri, kenaka mpaka kumapeto. Palibe chinayenda.

"Kodi mwina thiransifoma yatentha?" anafunsa Aphunzitsi.

"Sizingatheke. Taonani mazenera, atatu uku, atatu uko, ndinalamula ndekha. Ine nkhani ya mpweya ndinaiphunzira inu musanayambe sukulu. Vuto lili m'mawaya amene analumikiza mwanayu. Dikirani."

Amalume anagwada ndi suti yawo n'kukwawira kunsi kwa tebulo. Kunkangooneka masokosi. Anakoka waya uyu, anagwedeza uyo, akung'ung'udza. Injiniya anawerama kuti awaunikire ndi tochi, n'kuiwala kuti kagudumu wakasiya kumapeto.

Panapita mphindi zingapo. M'kati mwa nyumba ya katoni, kachitsulo kaja kanazizira pang'ono n'kubwezera magetsi.

Sitima inatuluka m'phanga ngati yalumidwa ndi mavu. Inadutsa pasiteshoni, inakwera chitunda, ndipo pokhota kulowa pamlatho mutu wake unasiya njanji. Unauluka pamwamba pa mtsinje wopenta n'kukagwa pasimenti. Amalume podzidzimuka anagunda mutu ku tebulo, tianthu tonse ta pasiteshoni n'kugwa chagada.

Injiniya anazula pulagi. Koma chumuni cha sitima chinali chitathyoka, chikugubuduzika kulowera kukhoma.

Amalume anatuluka fumbi lili mbuu m'maondo. Anatola mutu wa sitima, anaupukuta ndi tayi, anauika pakhutu n'kuugwedeza. Nthawi imeneyi sanatchule dziko lililonse.

"Mota sinafe," anatero motsitsa mawu. "Chumuni ndimata."

Aphunzitsi anakhosomola. "Malo m'holo ndikupatsani, bambo, chifukwa ntchitoyi ndi yaikulu. Koma woyendetsa akhale wozolowera. Mawa kudzakhala ana aang'ono atapanikiza mphuno patebulo ili."

"Zoona. Ndinafulumira." Amalume sanayang'ane Injiniya kumaso. "Napenti, mawa uyendetsa ndiwe. Iwe mwana, uzidzanyamula makatoni."

Anatuluka kukaperekeza mlendo wawo.

7. Chala sichikulowa

Atsikana awiri anatsala okha. Napenti anayamba kudzutsa tianthu ta pasiteshoni kamodzikamodzi. Chimene ankafuna anali atachipeza.

Injiniya sanalire. Anaima pamalo pake akununkhiza mpweya. Kenaka anaika chikhato padenga la nyumba ija n'kuchichotsa msanga. Anawerama, analoza chala pazenera loyamba kuti amve ngati mukutuluka mpweya. Chala chinagunda katoni.

Anayesa lachiwiri. Anayesa lachitatu.

"Asisi, zenera ili chala sichikulowa."

"Ndinati usagwire."

"Onse asanu ndi limodzi?"

Napenti anaimika kamunthu ka chipewa, kanagwa, anakaimikanso.

"Kanene," anatero. "Thamanga, akadali pageti. Si iwe Injiniya? Si iwe wa kalumo kakuthwa? Wabwera dzulodzuloli, sudziwa ngakhale pamene timasunga guluu, koma dzanja lako ndiye lawo lenileni. Ine zaka zitatu ndine wodonthezera penti panjanji."

"Sindinena."

"Usandichitire chifundo."

"Si chifundo. Ine pano ndine wobwera. Akamva kuti tikukangana, wolongedza chikwama ndi ine, ndipo kwathu sukulu ili kutali." Anapukuta chala chake pasiketi. "Koma mukanandipempha, asisi, ndikanakupatsani chiwongolerocho. Ine pagulu ndimachita mantha. Kuyambira Lachitatu ndimafuna kukuuzani, koma mukandiona mumayang'ana kumbali."

Napenti anasiya tianthu tija.

"Mawa musaiyendetse ili chonchi," anapitiriza Injiniya. "Lero kachitsulo kaja kagwira ntchito. Mawa ndi tsiku lonse, ndipo mapiri anuwa ndi mapepala. Lezala lili kuti? Boolani mazenera msanga amalume asanabwere. Ine ndiima pakhomo."

Napenti anatsegula kabati. Anasuntha zitini, anagwetsa maburashi, analipeza lezala pansi pa nsanza. Atatembenuka, Amalume anali ataima kale pakhomo, botolo la guluu lili m'manja.

"Galimoto ibwera m'mamawa," anatero. "Chilichonse chosamatidwa chidzagwa panjira. Tiyambe ndi nyumba yakoyi, Napenti. Ndiyo yokha yandisungira ulemu lero."

Anainyamula. Anaima pang'ono.

"Yafundatu."

Anaitembenuza kuti aone popaka guluu. Popeza m'chipindamo munali mthunzi, anapita pawindo, anaikweza kudzuwa n'kusuzumira m'kati ndi diso limodzi.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Anaitembenuzira mbali ina n'kusuzumiranso.

"Nyumba ya mazenera asanu ndi limodzi," anatero pang'onopang'ono, "m'kati muli mdima ngati m'thumba."

Amalume anayendetsa chala chachikulu pazenera limodzi, pa kamzere kotuwa kaja, pa timanyenje tija. Kenaka anayang'ana lezala limene linali m'manja mwa Napenti.

"Amalume, mwina asisi anaiwala," anatero Injiniya.

"Munthu woiwala sajambula mphepete mwa katoni, mwana wanga. Iyi ndi ntchito ya maola awiri." Anaika nyumba ija patebulo mosamala, kutali ndi thiransifoma. "Ine ndakuchititsa manyazi pamaso pa aphunzitsi ako, ndipo pamaso pawo pomwepo ndi pamene zikonzedwe. Injiniya, thamanga, sanafike pamsewu waukulu. Uwauze kuti abwerere. Pali anthu awiri akufuna kulankhula nawo. Woyamba ndine."

Injiniya anayang'ana mkulu wake, kenaka anatuluka.

Amalume anakoka mpando n'kukhala, manja ali pamaondo afumbi aja. Napenti anaima pomwepo ndi lezala lake. Anamva mapazi a mng'ono wake akuthamanga pabwalo, geti likulira, kenaka bata. Patapita kanthawi geti linaliranso, ndipo mapazi obwera anali a anthu awiri.